KODI TIPAKE PENTI NYUMBA MULI WODWALA?

Amayi, sewero limene tinamvera pa wailesi lija linautsa mkangano waukulu pa sikelo. Kwa inu amene simunalimve, nkhani yake inali yotere. Banja lina la kufupi ndi Santhe lagulitsa fodya wake ku msika wa Chinkhoma, ndipo ndalama zafika. Bambo wa m'nyumbamo wakhala akutsokomola kuyambira nthawi yosoka fodya, tsopano zovala zikumukhwepa. Mayi akufuna kuti nyumba ipakidwe penti abale asanayambe kubwera kudzazonda matenda. Apongozi ake akukana, akuti kukonza nyumba muli wodwala ndi kuitana maliro. Wodwalayo akuti pakani, mwina fungo la penti lipha matenda amene ali m'makomamu. Pamene onsewa akulimbana, mwana wawo wa miyezi khumi akukwawa pansi, akutola ichi ndi icho n'kumaika m'kamwa.

Titafunsa kuti akulondola ndani, gulu linagawikana. Ena anali kumbali ya apongozi. Ena anati mayiyo asachite manyazi pamaso pa alendo. Koma panalibe amene anafunsa funso limene ine, monga namwino, ndinali kulidikira: kodi bamboyo anayezetsa makhololo?

Mayi wa m'seweroyo sindikumudzudzula ayi. Munthu ukakhala ndi matenda m'nyumba, mtima umakhala m'mwamba, ndipo manja amafuna chochita. Chifuwa cha mwamuna wako sungachichotse ndi manja, koma khoma lakuda ungaliyeretse. Tonsefe timadziwanso mmene maso a alendo amayendera akalowa m'nyumba ya wodwala. Kufuna nyumba yaukhondo si kulakwa, ndipo sikuitana imfa. Chofunika ndi kudziwa chimene chiyenera kuyamba, ndi kusamala kuti ntchito yokonza nyumbayo isaonjezere matenda ena pamwamba pa amene alipo kale.

Matenda a chifuwa chachikulu sakhala m'khoma

Chifuwa chachikulu cha TB chimayamba ndi tizirombo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Tizirombo timeneti timakhala m'mapapo a wodwala. Iye akatsokomola, kuyetsemula, ngakhale kuyankhula kumene, timatuluka ndi kuyandama mumpweya. M'chipinda chotseka ndi chamdima tingathe kuyandama kwa maola angapo, ndipo aliyense wopuma mpweya umenewo angatitenge. Munthu satenga TB pogwira khoma, podyera mbale imodzi ndi wodwala kapena pochapa zovala zake. Choncho ngakhale mutapaka penti katatu, ngati wotsokomolayo sanayambe kumwa mankhwala, tizirombo tidzadzazanso chipindacho usiku womwewo.

Kuno kwathu vuto ndi lakuti chifuwa tinachizolowera. Nthawi yosankha ndi kudinda fodya pafupifupi aliyense amatsokomola, ndiye timangoti ndi fumbi la fodya, chitha chokha. Ena amati ndi tsempho, napita kukafuna mankhwala a zitsamba. Miyezi imapita. Amayi, chifuwa cha fumbi chimatha munthu akasiya kugwira fodya. Koma chifuwa chimene chatha masabata awiri, makamaka ngati munthuyo akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akumva kutentha thupi madzulo kapena akulavula makhololo a magazi, chiyenera kuyezedwa. Kwa munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, musadikire n'komwe masabata awiriwo.

Pitani naye ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Santhe, ku Chulu, ku Kaluluma kapena pa Boma. M'midzi ina muli anthu odzipereka amene amatolera makhololo ndi kuwatumiza ku chipatala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakulozereni. Kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma. Mankhwalawa amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Munthu akawamwa mokhulupirika, pakatha masabata awiri kapena atatu mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri. Koma asawasiyire panjira poona kuti wayamba kupeza bwino, chifukwa matendawo amabwereranso ali ovuta kuchiza.

Ngakhale mankhwala ndi aulere, matendawa amadya ndalama. Pafunika ya kabaza kapena ya minibasi yopitira ku chipatala mobwerezabwereza. Pafunika mazira, nsinjiro, usipa, nyemba ndi zipatso kuti thupi libwerere. Pafunikanso waganyu wogwira ntchito ya ku nazale pamene bambo alibe mphamvu. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka. Musanagule chitini cha penti, yambani mwapatula ya zimenezi.

Musaiwale ana. Mwana aliyense wosakwana zaka 5 amene amagona m'nyumba imodzi ndi wodwala TB abwere naye ku chipatala ngakhale akuoneka wathanzi. Akapezeka kuti alibe matendawa amapatsidwa mankhwala omuteteza. Katemera wa BCG, amene amasiya kachipsera pa mkono, amateteza mwana ku mitundu yoopsa ya TB monga ya ku ubongo, koma samutchinjiriza kotheratu.

Chimene nyumba ya wodwala imasowa

Nyumba ya munthu wotsokomola imasowa mpweya woyenda ndi kuwala kwa dzuwa. Mphepo imatulutsa tizirombo kunja, ndipo dzuwa limatipha. Zinthu ziwirizi sizigulidwa m'sitolo.

Tsoka lake, ndalama ya fodya imafika nthawi ya chisanu, mu June ndi July, pamene tonse timatseka mazenera, kutseka timabowo ndi nsanza, mwinanso kulowetsa mbaula m'chipinda. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndi yoopsa payokha: imatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene ungaphe banja lonse lili mtulo. Mukaphatikiza utsi wa mbaula, fungo la penti watsopano ndi munthu wa chifuwa, mwamuika pa mavuto atatu nthawi imodzi.

Ndikayenda m'midzi ndimaona nyumba zambiri zokongola, zanjerwa zootcha ndi zamalata, koma pamalo pa zenera anatsekapo ndi njerwa podikira ndalama ya mafelemu ndi magalasi. Chaka chimatha, china chimatha, njerwazo zili pompo. Ngati mwaitana mmisiri ndipo ndalama ndi yokwanira chinthu chimodzi chokha, ine ndingasankhe zenera lotseguka kusiyana ndi penti. Mazenera awiri oyang'anizana ndiwo abwino koposa chifukwa mphepo imalowera uku n'kutulukira uko. Atseguleni m'mawa uliwonse. Yanikani zofunda ndi mphasa pa dzuwa. Wodwala azikhala panja masana, pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo odzazonda matenda azichezera naye komweko. Ngati n'kotheka azigona payekha masabata oyambirira a mankhwala.

Mayi wina anafunsa kuti, nanga tikatsegula, udzudzu sulowa? Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo kawirikawiri umalowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Tsegulani mazenera usana, ikani sefa ngati mungathe, ndipo usiku aliyense agone m'neti.

Kuzira ndi kupaka laimu

Kuzira nyumba, ntchito imene amayi athu anatiphunzitsa, ndi yothandiza pa umoyo kuposa mmene ambiri amaganizira. M'ming'alu ya khoma ndi ya pansi ndimo mumabisala nsikidzi, utitiri, mphemvu ndi nkhufi. Nkhufi zimaluma usiku ndipo zimapatsa matenda otentha thupi amene amabwerezabwereza ngati malungo, oopsa kwambiri kwa mayi woyembekezera. Matekenya nawo amaswana m'fumbi la pansi posazira. Mukamata ming'alu, mukazira ndi mtsiro ndi kutsutsuta bwino, mwazilanda pokhala. Kwa inu amene muli pa utenanti m'maesiteti, nyumbayo si yanu ndipo penti simungamuganizire, koma dothi ndi madzi zilipo. Pozira, wazani madzi musanasese kuti fumbi lisabuke, ndipo wodwala akhale panja mpaka pansi pauma. Pewani kusakaniza ndowe mu mtsiro m'nyumba imene muli khanda losagwa mchombo, chifukwa mu ndowe mumapezeka tizirombo ta kafumbata.

Laimu, amene akuluakulu amamutcha njereza, ndi wotsika mtengo, amauma msanga ndipo sasiya fungo lokhalitsa. Chipinda chimawala, ndipo nsikidzi kapena udzudzu zimaoneka msanga pa khoma loyera. Koma laimu wamadzi amaotcha khungu, ndipo akalowa m'maso angathe kuchititsa khungu. Akadonthera m'diso musalitikite. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, kenaka thamangirani ku chipatala. Ndowa ya laimu isasiyidwe pamene mwana angafikire.

Pali chizolowezi china chimene ndikupemphani kuti chitheretu. Ena amathira mankhwala opopera fodya kapena thonje mu laimu kapena mu mtsiro pofuna kupha nsikidzi. Mankhwala amenewa anapangidwira kumunda. M'chipinda chogona amalowa m'thupi kudzera pa khungu ndi mumpweya, ndipo mwana wokwawa ndiye amayamba kugwidwa. Zizindikiro zake ndi kutuluka dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kubanika ndi kukomoka. Zikatero musataye nthawi, pitani ku chipatala mutatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone dzina lake.

Kwa amene muli ndi abale ku Nkhotakota, kumene ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'makoma inayamba mu 2007, dziwani kuti khoma lopoperedwa silifunika kuzira kapena kupaka msanga, chifukwa mumakwirira mankhwalawo. Nyumba imakonzedwa opopera asanabwere.

Penti wa mafuta ndi mtovu

Tsopano tifike pa chitini chimene mayi wa m'sewero uja anali kufuna kugula. Penti alipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wa madzi, amene amasungunulidwa ndi madzi ndipo burashi yake imatsukidwa ndi madzi. Wina ndi wa mafuta, wonyezimira uja, amene timapaka zitseko, mazenera, mipando ndi m'munsi mwa khoma. Ameneyu amasungunulidwa ndi thina, ndipo amisiri ena amathiramo petulo kapena parafini.

Fungo la penti wa mafuta silipha tizirombo ta TB. Chimene limachita ndi kupweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire ndi nseru, ndi kuutsa chifuwa. Kwa munthu wa mphumu lingayambitse kubanika. Wodwala chifuwa, mayi woyembekezera ndi khanda asagone m'chipinda chopakidwa penti wa mafuta mpaka patapita masiku awiri kapena atatu mazenera ali otsegula, ndipo fungo litatheratu.

Koma choopsa chachikulu sichinunkha. Mu penti wina wa mafuta amaikamo mtovu kuti mtundu uwale ndi kuti aziuma msanga. Mtovu ndi chitsulo cholemera chofewa chija chimene chimapezeka m'mabatire a galimoto. Umapezeka kwambiri mu penti wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Pamene penti ali watsopano pa khoma, vuto silioneka. Akayamba kukalamba amasuwa, amagwa tizidutswa, ndipo pa chitseko ndi pa zenera pamene pamakhulana amasanduka fumbi. Fumbilo limagwera pansi. Mwana amakwawa pomwepo, amayamwa zala, amaluma m'mphepete mwa mpando. Thupi la mwana limayamwa mtovu kuchulukitsa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mwana wosowa zakudya zokwanira amayamwa wochuluka koposa.

Mtovu ukalowa m'thupi umapita m'magazi, mu ubongo ndi m'mafupa, mmene umakhala zaka zambiri. Kawirikawiri mwana saoneka kudwala. Satentha thupi, satsegula m'mimba. Koma nzeru zake zimabwerera m'mbuyo: amachedwa kuyankhula, sakhazikika, ndipo akayamba sukulu zinthu sizimulowa. Timamukalipira kuti ndi waulesi kapena wosamva. Magazi ake amachepa. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amamva m'mimba kupota, amasanza, mwinanso kukomoka. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umadutsa n'kufika kwa mwana ali m'mimba, ndipo ungachititse kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena mwana wochepa sikelo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosaopsa. Chimene mtovu waononga mu ubongo sichibwereranso.

Nkhaniyi si ya maiko akutali. Mu 2021 bungwe lotchedwa Lead Exposure Elimination Project linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa penti wogulidwa m'masitolo a m'Malawi muno. Pa penti wa mafuta amene anayezedwa, woposa theka anapezeka ndi mtovu wopitirira muyezo umene WHO imalimbikitsa, wa magawo 90 pa magawo miliyoni imodzi. Bungwe la boma loona miyezo ya katundu, la Malawi Bureau of Standards, linayamba kulondoloza makampani opanga penti, ndipo atayezanso mu 2023 anapeza kuti penti wa mtovu wachepa kwambiri m'masitolo, ngakhale sanatheretu. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa wogula chitini chatsopano. Koma taganizani za chitseko chanu chobiriwira chija, chimene chinapakidwa zaka khumi zapitazo fodya atayenda bwino. Penti wake akadali pomwepo.

Apa ndiye pagona ngozi ya kupakanso nyumba. Mmisiri asanapake penti watsopano amayamba wapala wakale ndi sandipepa kapena chitsulo, ena amachita kumuwaula ndi moto. Tsiku limodzi lopala limatulutsa fumbi la mtovu lochuluka kuposa limene likanagwa lokha kwa zaka. Fumbilo limagwera pa mphasa, pa mbale, mu ufa ndi m'ndowa ya madzi akumwa. Mayi amabwera ndi tsache, fumbi limabukanso. Ndinaonapo khomo lina mmisiri akupala chitseko, pamene mwana wa chaka chimodzi ali chikhalire pakhonde pomwepo akudya mbatata, tizidutswa tobiriwira tili mbwee pa miyendo yake. Mayi ake anali kukondwa kuti nyumba ikukongola. Palibe anali atawauza.

Ngati mwatsimikiza kupaka

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nzeru yanga ndi yakuti dikirani kufikira wodwala wayezedwa, wayamba mankhwala ndipo mphamvu zayamba kubwerera. Mwezi wa August kapena September ndi wabwino: chisanu chatha, mvula sinayambe, ndipo banja lingathe kugona m'nyumba ina kapena kwa achibale masiku angapo.

Pa makoma a m'kati sankhani laimu kapena penti wa madzi, chifukwa kawirikawiri sakhala ndi mtovu ndipo fungo lake ndi lochepa. Ngati mukufuna wa mafuta pa zitseko, werengani pa chitini kapena funsani wogulitsa ngati palembedwa kuti mulibe mtovu. Pa Chingerezi amalemba kuti lead free. Pewani penti wopungulidwa m'mabotolo opanda dzina amene amagulitsidwa pa msika. Penti wakale ngati sanasuwe, musamupale. Mutsukeni ndi sopo n'kupaka pamwamba pake. Pamene wasuwa, mmisiri anyowetse ndi madzi asanapale, ayale mapepala a pulasitiki kapena matumba pansi, ndipo ngati chitseko chingazulidwe akachipalire kutali ndi khonde. Asagwiritse moto. Zakudya, ziwiya, zofunda ndi neti zitulutsidwe ntchito isanayambe. Ikatha, kolopani ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, ndipo zopalidwazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi dimba. Wopakayo asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana. Mayi woyembekezera asapale kapena kupaka penti wa mafuta, ngakhale ntchito itachedwa chotani.

Pakani chipinda chimodzi, chiume, kenaka china. Ndipo popeza katundu watuluka kale, uwu ndi mwayi wochotsa fodya m'nyumba yogona. Ndikudziwa kuti timasunga mabelo ndi mindindi kuchipinda poopa akuba. Koma fumbi ndi fungo la fodya zimautsa chifuwa cha wodwala ndi cha ana. Ngati palibe kwina, asungidwe m'chipinda chimene simugona munthu, pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala a mbewu, chitseko chake chili chokhoma.

Thina, petulo ndi parafini zisathiridwe m'botolo la Fanta kapena la madzi akumwa. Mwana sadziwa kusiyanitsa. Akamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mafuta ophikira kapena mkaka, chifukwa akasanza mankhwalawo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Muvuleni zovala zimene zathiridwa, mumusambitse, n'kupita naye ku chipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Masiku a ntchitoyi ndi otsatira ake, yang'anirani kapumidwe ka mwana wanu, makamaka ngati ali ndi chimfine kapena chifuwa. Muvuleni malaya ali phee, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka chaka chimodzi akapuma ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati popuma, musanene kuti ndi fungo la penti chabe. Chingakhale chibayo, ndipo chimafuna mankhwala tsiku lomwelo.

Titatsala pang'ono kubalalika, mayi wina wa mwana kumsana anafunsa za chitini chotha penti. Anati ndi chabwino, chili ndi chogwirira ndi chivindikiro, ndipo kwawo amatungira madzi ndi kusungiramo thobwa. Ambiri anaseka chifukwa nawonso ali nacho. Amayi, penti wotsalira m'kati satha ndi kutsuka, ndipo thobwa, pokhala lowawasa, limasungunula mtovu msanga kuposa madzi. Chitinicho chibooleni pansi kuti wina asadzachitole. Ngati mukuchimvera chisoni, dzalanimo maluwa pakhonde, osati ndiwo zamasamba.